Chitofu cha gasi chikakana kuyaka: kukonza batani, kulisintha, kapena kunyamula moto wapadera?

Anthu amene timanyamula zitofu zing'onozing'ono za gasi m'chikwama, kaya pokagona pa phiri la Dedza, kaya pokaona zojambula zakale za m'mapanga a ku Chongoni, kaya pogonera kumunda nthawi yokumba mbatata ya kachewere ku Tsangano, timadandaula chinthu chimodzi: gasi alimo, chitofu n'chabwinobwino, koma batani loyatsira limangolira moto osagwira. Ena amathamangira kugula batani lina, ena amalisiya n'kudalira machesi, pomwe nthawi zambiri batanilo limakhala lisanafe.

Batani limeneli lilibe batire. M'kati mwake muli kasipuling'i kamene kamaponya kanyundo pa kamwala kapadera, ndipo kamwalako kakamenyedwa kamatulutsa magetsi a mavoti masauzande angapo m'kanthawi kochepa zedi, khalidwe limene asayansi Pierre ndi Jacques Curie analitulukira mu 1880. Magetsiwo amatsata waya mpaka pa kansonga kachitsulo kamene kali pafupi ndi timabowo totulukira gasi, kenaka amadumpha kampata n'kuthetheka. Mpweya wouma umafuna mavoti pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse kuti magetsi audumphe, choncho kampata kakangokula pang'ono chifukwa chitofu chinapanikizika m'chikwama, kuthetheka kumatha.

N'chifukwa chake ndimaika kukonza patsogolo pa njira zina zonse. Yambani mwachotsa chitini cha gasi, kenaka dinani batani muli pamdima n'kuona pamene magetsi akudumphira. Ngati akuthetheka cha m'munsi, pa thupi la chitofu, ndiye kuti waya wasupuka kapena kachubu koyera kamene kamagwira kansonga kang'aluka, ndipo magetsi akuthawira panjira. Ngati akuthetheka mofooka pamalo pake, vuto ndi mwaye, dzimbiri, kapena phala ndi tiyi zimene zinasefukira n'kuumira pomwepo. Mswachi wakale, kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndi kasandipepala kosalala n'zokwanira kuyeretsa kansonga pamodzi ndi chitsulo chimene kayang'anizana nacho, monga momwe akabaza amatsukira pulagi ya njinga yamoto. Sipiriti akauma, pindani kansongako pang'onopang'ono kuti kampata kakhale mamilimita 3 kapena 4, ndipo kalunjike pa bowo lenileni lotulukira gasi, osati pakati pa mabowo. Pochita zimenezi gwirani waya wokha, chifukwa kachubu koyera kaja kamasweka msanga ndipo kakasweka sikamatika. Ntchito yonseyi sidya ndalama, ndipo batani likhoza kubwerera mwakale.

Kusintha batani lonse kumamveka ngati njira yodalirika, koma ine sindiilimbikitsa kwenikweni. Pa chitofu chachikulu cha chitini chogonera m'mbali n'zotheka, popeza batani limamangidwa ndi sikuluu ndipo wokonza zipangizo akhoza kuchotsa la pa chitofu china chakufa. Pa tizitofu tomangirira pamwamba pa chitini, lolingana nalo silipezeka wamba ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo ngakhale litapezeka, kansonga katsopanoko kadzakhalabe m'malawi a moto tsiku lililonse mpaka kadzapindikenso.

Pali vuto linanso limene batani latsopano silingathetse, ndilo nyengo ya kwathu kuno. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri imafika mamita 2,198. Mpweya wa kumtunda ndi wopepukirako, mphepo imamwaza gasi asanakumane ndi kamoto kakang'ono ka batani, ndipo nkhungu ya m'mawa imanyowetsa kachubu kaja mwakuti magetsi amangoyenderera pamadzi. Kuzizira kwa mu June ndi July kumafooketsanso gasi yemweyo. Gasi wa butane amasiya kusanduka mpweya pa madigiri pafupifupi 0, isobutane pa -12, ndipo propane pa -42, kotero chitini cha butane yekha chimene chagona panja chimatulutsa gasi wochepa, makamaka chikakhala chotsala pang'ono kutha. Ambiri amada batani pamene cholakwa chili m'chitini. Chifungatireni m'jekete kwa kanthawi, koma musachiyandikize pamoto ngakhale pang'ono.

Pa moto wonyamula padera, layita ya kagudumu ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri. Imapereka lawi lenileni, ndipo ngakhale gasi wake atatha, kagudumuko kamatulutsabe mbaliwali zotha kuyatsa chitofu. Nayonso imafooka ikazizira kapena ikanyowa, choncho malo ake ndi m'thumba la malaya. Layita yodina, kuphatikizapo yaitali ija ya kukhitchini, ili ndi kamwala kofanana ndi ka m'chitofu, ndiye mavuto ake ndi omwewo, ngakhale imateteza zala. Machesi ndi otchipa ndipo amapezeka mu gulosale iliyonse kuyambira pa Linthipe mpaka pa Lizulu, koma chinyontho chimafewetsa mbali yokhwatchira, ndipo pamphepo bokosi limatha madzi asanafunde. Asungeni m'kabotolo kotseka bwino kuti akhale othawirako.

Kachitsulo kokhwatcha ka ferrocerium, kamene wasayansi Carl Auer von Welsbach anakapanga mu 1903, kamaposa zonsezi pa kupirira. Mbaliwali zake zimatentha madigiri pafupifupi 3,000, ndipo kakanyowa mumangopukuta n'kukhwatcha. Komabe kamafuna manja onse awiri ndi kuzolowera, ndipo munthu wosazolowera akhoza kugwetsa chitofu gasi ali wotsegula, zomwe ndimaziopa kwambiri pa udzu wouma wa m'chilimwe. Ndi koyenera kwa amene amagona m'phiri kawirikawiri, osati wongofuna tiyi paulendo.

Kaya mwasankha njira iti, tsegulani gasi pang'ono chabe, chifukwa wothamanga kwambiri amavuta kugwira moto, ndipo mukamayatsa ndi layita kapena machesi, lawi lifike kaye pachitofu musanatsegule. Moto ukakanika kawiri kapena katatu, tsekani n'kudikira fungo lithe. Kuphikira m'tenti yotseka pothawa mphepo n'koopsa, popeza mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, umene chitofu chimatulutsa poyaka, umapha munthu osanunkha, ndiye tchingani mphepoyo ndi chikwama kapena miyala muli panja, mosazungulira chitini chonse kuti chisatenthe.