Chilembo chofiira cha L: mmene ndinapezera chilolezo cha njinga yamoto ku Leeds

Abale anga kumudziko, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za njinga yamoto imene munaiona pachithunzi, ija ili ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo. Ena mukulingalira zobwera kuno, ena muli pa kabaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, enanso mukusonkha ndalama zogulira mnyamata njinga kuti azidzipezera yekha sopo. Ndati ndikufotokozereni bwinobwino mmene munthu amayambira kukwera njinga yamoto kuno ku Britain, chifukwa zina zimene ndinaphunzira n'zoti zikhoza kupulumutsa miyendo ya ana athu komweko.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leeds. Ukamaliza kusambitsa agogo ena ndi kuwapatsa mankhwala, ena amakhala akukudikira mbali ina ya mzinda, ndipo nthawi imene umapatsidwa yoyendera ndi yochepa. Basi imayenda nthawi yake, siidziwa kuti kuli gogo amene sanadye. Galimoto thumba langa linakana. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene timagwira naye ntchito ndiye anandiuza kuti njinga ya 125cc imamwa mafuta pang'ono ndipo chilolezo chake sichichedwa.

Poyambira ndi mapepala. Amene wabwera ndi laisensi ya kwathu amaloledwa kuigwiritsa ntchito miyezi 12 kuchokera pamene wakhazikika kuno, ikatha miyeziyo ndiye basi. Anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa amatha kusinthitsa malaisensi awo ndi a kuno, popeza mayiko awo ali pa mndandanda umene boma la kuno limauvomereza, koma Malawi palibe. Ife timayambira pansi. Umafunsira laisensi ya wophunzira ku ofesi ya boma yopereka malaisensi yotchedwa DVLA, imene likulu lake lili ku Swansea. Pa intaneti ndi mapaundi 34, pa positi ndi 43, ndipo uyenera kukhala ndi chilolezo chokhala m'dziko muno kwa masiku osachepera 185. Khadi lake ndi lobiriwira. Lapinki ndi la amene anakhoza mayeso onse.

Khadi lobiriwiralo palokha silikulola kutulutsa njinga pamsewu. Uyenera kuyamba wapita ku maphunziro oyambirira otchedwa CBT, amene anakhazikitsidwa mu December 1990 pofuna kuchepetsa ngozi za okwera atsopano. Amaphunzitsa ndi masukulu ovomerezeka ndi bungwe la boma la DVSA, ndipo sukulu iliyonse imaika mtengo wake. Ine ndinalipira mapaundi opitirira pang'ono 150, kuphatikiza kubwereka njinga, chipewa, jekete ndi magolovesi. Kawirikawiri zonse zimatha tsiku limodzi.

Aphunzitsi athu anali bambo wachikulire, wolankhula mofatsa. Choyamba anatiimika pabwalo n'kutiuza kuti tiwerenge nambala ya galimoto imene inali pa mtunda wa mamita 20. Wolephera pamenepo tsiku lake limathera pomwepo. Wovala magalasi amawerenga atavala, koma ndiye kuti aziwavala nthawi zonse akakwera njinga. Kenako nkhani ya zovala. Chipewa kuno ndi lamulo kuyambira 1973, ndipo lamulo limanena kuti chikhale chomangidwa pachibwano. Bamboyo anatiuza kuti chipewa chosamanga chimachoka m'mutu mutu usanafike pansi. Anatiuzanso kuti tisagule chipewa chakaunjika, popeza chikamenyeka kamodzi chimasweka mkati ngakhale kunja chikuoneka chabwinobwino. Apa mtima wanga unapita kwathu, kumene chipewa chimayenda chili pachigongono kapena pa handulo, n'kumavalidwa pokhapokha apolisi akaonekera patsogolo.

Tisanalize injini tinaphunzira njinga ili chozima. Dzanja lamanja ndi la mafuta ndi buleki yakutsogolo, lamanzere ndi la klatchi. Phazi lamanzere ndi la magiya, yoyamba kupondera pansi, zinazo kunyamulira m'mwamba, ndipo phazi lamanja ndi la buleki yakumbuyo. Tinaikankha, kuiimika pa sitandi, kuitsitsa, kuiimikanso. Tinaona mafuta, oyilo, tcheni, magetsi ndi matayala. Panali mwayi wosankha kanjinga kopanda magiya kaja kongopotokola dzanja n'kumapita, koma ine ndinasankha ya magiya, ndipo amene angandifunse ndingamulangize chimodzimodzi. Wodziwa klatchi savutika ndi inayo.

Tsono pamene panali ntchito yeniyeni ndi pabwalo la makoni. Anthu ambiri amaganiza kuti kudziwa njinga n'kuthamanga. Kuthamanga aliyense amatha, chifukwa njinga ikathamanga imadziimirira yokha. Luso lili pa kuyenda pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, osatsitsa phazi. Umasunga injini ikulira pang'ono, klatchi n'kuigwira pamene yangoyamba kuluma, ndipo liwiro umalilamulira ndi buleki yakumbuyo, kuiponda mopepuka. Buleki yakutsogolo suikhudza handulo itakhota, chifukwa njinga imagwa nthawi yomweyo. Tinazungulira makoni mojambula nambala 8, kenako kutembenuka pakati pa mizere iwiri yoyimira msewu wopapatiza. Mawu amene aphunzitsi ankabwereza mpaka kusasa anali akuti tidzutse mutu, tiyang'ane kumene tikufuna kupita. Njinga imatsata maso. Ukayang'ana koni umakagunda koniyo, ukayang'ana dzenje umalowa m'dzenjemo. N'chimodzimodzi mayi wosenza ndowa yamadzi: sayang'ana zala zakumapazi, maso amakhala patsogolo, thupi n'kumadziwongola lokha. Nditayamba kutembenuza mutu wonse kuyang'ana potulukira, njinga inayamba kukhota mosavuta ngati yapepuka.

Za mabuleki ndikufuna muzimve bwino, inu a kabaza. Ndikukumbuka kwathu anyamata akuuzana kuti buleki yakutsogolo ndi yogwetsa, ena mpaka osaikonza ikaduka. Zoona zake n'zakuti buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, chifukwa ukamaima kulemera konse kumapita ku tayala lakutsogolo, ndipo limagwira phula mwamphamvu, pamene lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kutsetsereka. Chogwetsa si bulekiyo ayi, koma kuitswanya mwadzidzidzi. Umatseka mafuta, kufinya yakutsogolo pang'ono kuti tayala likhazikike, n'kumaonjezera mphamvu, kwinaku ukuthandizira ndi yakumbuyo, klatchi pamapeto. Tinayeserera kuima modzidzimutsa mobwerezabwereza, aphunzitsi akukweza dzanja nthawi imene sukuyembekezera, mpaka zala zinazolowera. Pamsewu mwana akathamangira kutsogolo kwako sipakhala nthawi yoganiza, zala zimachita zimene zinaphunzira.

Chinanso ndi kucheuka. Magalasi a njinga saonetsa zonse. Pali malo pambali pako, cha kumbuyo kwa phewa, pamene galimoto yathunthu imatha kubisala. Ndiye usanakhote, usanasinthe mbali ya msewu, usananyamuke pamene unaima, umatembenuza mutu n'kuona ndi maso ako. M'gulu lathu munali bambo wina amene anati wakwera njinga zaka zambiri kwawo, ndipo zinkaoneka kuti njinga amaidziwadi. Koma kucheuka kunamukanika, thupi linali litazolowera zina. Aphunzitsi anamuuza mwaulemu kuti tsiku limenelo sapita naye pamsewu, abwerenso. CBT si mayeso oti wakhoza kapena walephera, koma mphunzitsi sapereka satifiketi kwa munthu amene sakumukhulupirira, ndipo ine ndinaona kuti anamuchitira chifundo bamboyo.

Titadya nkhomaliro tinakhala m'kalasi kukambirana za pamsewu. Anatiuza kuti kuno okwera njinga zamoto ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi magalimoto, koma pa anthu asanu alionse ofa pa ngozi zapamsewu, pafupifupi mmodzi amakhala wa njinga yamoto. Ngozi zambiri zimachitikira pamphambano, woyendetsa galimoto atayang'ana koma osakuona, popeza njinga ndi yopyapyala. Choncho umavala zowala, nyali imakhala yoyaka ngakhale masana, ndipo sukwawa m'mphepete mwa msewu ngati wopempha malo. Umayenda pakati pa mbali yako, pamene aliyense akukuona. Pakati pa iwe ndi galimoto yakutsogolo pakhale mpata wa masekondi awiri, kukagwa mvula anayi. Ndipo mvula kuno ndi ya chaka chonse. Zivundikiro zachitsulo za ngalande, mizere yopentedwa, dizilo wotayikira ndi masamba ofota zimaterera zikanyowa.

Chomaliza n'kutuluka pamsewu weniweni, maola osachepera awiri, ophunzira awiri okha pa mphunzitsi mmodzi. Amakuika kawailesi m'khutu, iye akubwera kumbuyo pa njinga yake n'kumakuuza kolowera. Mwayi wathu ndi woti kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye mutu susokonezeka. Chosiyana ndi zikwangwani, zimene zimawerenga mamailosi: chikalemba 30, ndiye pafupifupi makilomita 48 pa ola. Tinadutsa m'misewu ya m'makomo, pamaloboti, m'zitunda za Leeds pamene umanyamuka phazi lili pa buleki yakumbuyo kuti usabwerere, ndi pa maraundabauti aakulu a misewu yambiri, amene anandiumitsa pakamwa. Kuyambira mu January 2022 malamulo a pamsewu akuno amanena kuti ukamakhotera mumsewu wina, munthu wapansi amene akudikira kuwoloka umamupatsa mpata. Aphunzitsi ankayang'anitsitsa zimenezo, komanso ngati wazimitsa indiketa ukamaliza kukhota, chifukwa pa njinga zambiri siizima yokha, ndipo ikatsala ikuphethira umanamiza galimoto imene ikudikira pamphambano kuti ukukhota pamene ukupitirira.

Madzulo ndinalandira satifiketi yotchedwa DL196. Imagwira ntchito zaka ziwiri. Nayo, munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo amakwera njinga yosapitirira 125cc ndi mphamvu ya 11 kW, ataika L kutsogolo ndi kumbuyo. Sunyamula munthu, ndipo sulowa mumisewu ikuluikulu ija ya motorway. Ndiye amene munkafunsa ngati kuno ndingachite kabaza, yankho ndi limenelo: ngakhale mkazi wanga sindingamukweze. Wopezeka akukwera wopanda CBT akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000 ndi kuikidwa mapointi a chilango mpaka 6 pa laisensi. Wopanda inshuwalansi ndi mapaundi 300 ndi mapointi 6, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda njingayo. Pa inshuwalansi pomwepa, anzanga a ntchito ngati yanga chenjerani: yongopitira kuntchito ndi kubwerera siikwanira munthu woyenda khomo ndi khomo, muziwauza kuti njingayo ndi yogwirira ntchito. Operekera zakudya m'makomo nawonso ali ndi mtundu wawo. Muikenso padera ndalama ya tcheni chochindikala ndi loko, chifukwa tinjinga timeneti timabedwa kwambiri m'mizinda.

Ambiri zaka ziwiri zikatha amangokabwereza CBT n'kumapitiriza ndi L. Ine sindikugwirizana nazo. Tsiku limodzi limangokutsegulira chitseko, ndipo ndinazindikira zimenezi m'nyengo yozizira, pamene mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, zala zitauma ndi chisanu, msewu ukunyezimira osadziwa ngati ndi madzi kapena ayezi. Panopa ndikuwerengera mayeso a pakompyuta, a mapaundi 23: mafunso 50 ofunika kukhoza 43, kenako mavidiyo 14 oyesa ngati umaona ngozi isanafike. Ndikadutsa pamenepo kwatsala mayeso a pabwalo, a mapaundi 15.50, ndi a pamsewu, a mapaundi 75 mkati mwa sabata. Popeza ndinapitirira zaka 24, ndikhoza kuyesedwa pa njinga yaikulu n'kulandira laisensi yonse nthawi imodzi.

Achimwene anga aakulu anandilembera kuti nditumize ndalama yoonjezera agulire mwana wawo njinga ya kabaza. Nditumiza, chifukwa ndikudziwa mmene ntchito zikusowera. Koma ndawauza kuti gawo la ndalamayo lipite ku laisensi ya ku Road Traffic ndi zipewa ziwiri zatsopano, china cha kasitomala. Ndawapemphanso kuti makiyi asaperekedwe tsiku logula. Apeze munthu wamkulu woidziwa njinga, apite ndi mnyamatayo pabwalo la sukulu Loweruka, aike mabotolo a madzi m'malo mwa makoni. Ayende pang'onopang'ono mojambula 8 osatsitsa phazi, aime modzidzimutsa ndi mabuleki onse awiri padothi ndi paphula pomwe, acheuke asanakhote. Akatha zimenezo ali yekha, azibwereze atakweza thumba la chimanga kumbuyo, chifukwa njinga yolemedwa imachedwa kuima ndipo imakhota mosiyana. Ndawauza anditumizire vidiyo yake ndisanatumize gawo lomaliza la ndalama.