Soya ku Mangochi: mizere yotseka kapena kuphimbira?

Kwa ife a kunyanja, cha ku Nankumba, Monkey Bay ndi Malindi, chimene chimapha soya ndi ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale. Ikamupeza akuchita maluwa, maluwawo amayoyoka. Ikamupeza akuika njere, mudzakolola mphwepwa. Ndiye nkhani yagona pa kusunga chinyezi cha masabata awiri kapena atatu amenewo. Anzathu a ku Namwera ndi Katuli, kumtunda kozizirako, vutoli sakulidziwa kwenikweni.

Mizere yotseka, ija ena amati mabokosi, ndi yosavuta. Mumaunga mizere motalikana masentimita 75, n'kumatseka ngalande ndi timizere topingasa kuti madzi asathawe. Khasu lokha basi. Pa dothi lofiira lotsetsereka pang'ono imagwira bwino ntchito. Koma pamakande, mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, madzi amadikha ndipo soya amachita chikasu, pakuti sakonda lowe. Pamchenga nayonso phindu lake n'lochepa: madzi amalowa pansi okha, ndipo mzere umauma dzuwa likangowomba.

Pamchengapo ndi pamene kuphimbira kumapambana. Mapesi kapena udzu ukaphimba nthaka, dzuwa lathu lija silifika pansi, dothi silitentha kwambiri, udzu wosafunika umachepa. Vuto ndi kupeza zophimbirazo. Kuyambira Julaye mbuzi ndi ng'ombe zimakhala zili m'minda, anyamata osaka mbewa nawo ali ndi machesi m'thumba. Ine chaka china ndinasiya mapesi m'munda, pofika Okutobala panatsala phulusa. Masiku ano ndimawaunjika pakhomo n'kuwabweza mvula ikayandikira. Chiswe chimabwera ndithu, koma nthawi zambiri chimatanganidwa ndi mapesiwo. Chenjerani pobzala: soya amabzalidwa mothinana, njere imodzi pa masentimita asanu, ndiye patulani mapesi pomwe padutse mzere, apo ayi samera bwino.

Mbewu nayo musaiphonye. Tikolore, amene anatulutsidwa m'chaka cha 2011, amacha msanga kuposa Makwacha, choncho amazemba mvula yosiya msanga. Amapanganso timaufu ta kumizu, tija timathandiza mbewu kupeza chakudya cha nayitrojeni, ngakhale popanda inokyulanti (tizilombo tothandiza timene timasakanizidwa ndi mbewu pobzala), ngakhale kuti mukathira amabereka koposa. Kungoti musamuchedwetse m'munda, kunja kukatentha makoko amathetheka.

Munda wanga wa mchenga ndimaphimbira. Kamunda ka dothi lofiira kumtunda ndimatseka mizere, chifukwa mapesi sangakwanire konseko.