Black seed: mafuta otcheza, mafuta ofinya kapena njere zenizenizo?

Mabotolo awiri atha kulembedwa dzina limodzi lakuti black seed koma zam'katimo n'kukhala zosiyana kutalitali. Onse amachokera ku tinjere takuda ta Nigella sativa, tomwe amalima kwambiri ku India, Egypt, Turkey ndi Ethiopia, ndipo abale athu achisilamu amatitcha habbatus sauda. Nkhani yagona pa katulutsidwe ka mafutawo.

Mafuta ofinya ndi aja amatuluka njere zikakanikizidwa pa makina osazitenthetsa. Amatuluka ambiri, chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa njerezi ndi mafuta. Kuposa theka la mafutawa ndi linoleic acid, yemwenso ali m'mafuta a mpendadzuwa. Mtundu winawo, wolembedwa kuti essential oil, amautcheza ndi nthunzi monga amatchezera kachasu. Pa kilogalamu yonse ya njere, kawirikawiri sapeza magalamu opitirira 25, nthawi zina ngakhale 10 sakwana. N'chifukwa chake kabotolo kake kamachepa koma mtengo wake n'kuboola m'thumba.

Ogulitsa amatamanda otchezawa ponena za ma antioxidant, zinthu zomwe zimachedwetsa kuwonongeka kwa mafuta ndi maselo kobwera ndi okosijeni. Pamenepa sakunama. M'chaka cha 2000, Burits ndi Bucar a ku yunivesite ya Graz ku Austria adayesa mafuta otchezawa ndipo adapeza kuti zinthu zina za m'mafutawa zotchedwa thymoquinone, carvacrol, t-anethole ndi 4-terpineol zili ndi mphamvu imeneyi. Thymoquinone ndiye mwini filimu, ndipo m'mafuta otcheza amakhala wochuluka kwambiri, pomwe m'mafuta ofinya amangotsalamo pang'ono.

Komatu kuyesako kudachitikira m'timabotolo ta mu labotale, osati m'thupi la munthu. Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi otsatsa malonda. Chinthu kugwira ntchito m'galasi sizitanthauza kuti chikamezedwa chidutsa m'mimba ndi m'chiwindi n'kukafika m'magazi chili ndi mphamvu yomweyo. Kafukufuku wochuluka wochitidwa pa anthu, monga wa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, adagwiritsa ntchito ufa wa njere kapena mafuta ofinya, osati otcheza. Ndiye botolo lodula lija ndi lomwe umboni wake pa anthu uli wochepa.

Otchezawa ngaukalinso. Sakumwedwa ndi supuni, ndipo kuwapaka pakhungu osawasungunula m'mafuta ena kutha kubweretsa zidzolo ndi matuza. Ofinya nawo ena amawayabwa, choncho yambani mwayesa pakachigawo kakang'ono ka mkono.

Vuto la ofinya ndi kusakhalitsa. Linoleic acid sachedwa kuwonongeka, ndipo thymoquinone amadana ndi kuwala. Botolo loonekera m'kati lomwe lakhala padzuwa pa benchi ya mumsika musalitaire ndalama, ngakhale pepala lake litakongola bwanji. Funani la galasi lakuda, lotsekedwa bwino, lokhala ndi deti. Opanga ena amalemba kuchuluka kwa thymoquinone, ndipo amenewo ndi omwe ndimawakhulupirirako, poti kuchulukako kumasiyana malinga ndi komwe njere zidalimidwa.

Njere zenizenizo ndizo zotchipa, zimasungika nthawi yaitali, komanso n'zovuta kuzisakaniza ndi mafuta ophikira monga achitira amalonda ena osaona mtima. Anthu a ku Turkey ndi India amangoziwaza pa buledi. Muzisinja zochepa zokwanira masiku owerengeka, chifukwa fungo likathawa ndiye kuti mafuta onunkhira aja apita.

Kwa munthu wongofuna kugwiritsa ntchito pakhomo, ine ndingayambe ndi njere, kenako mafuta ofinya. Otcheza asiyireni opanga sopo ndi mafuta odzola, omwe amadziwa kuyeza madontho. Amayi oyembekezera, ndi onse amene ali pa mankhwala a shuga, a BP kapena a warfarin (oletsa magazi kuundana), afunse kaye kuchipatala asanayambe kumwa mtundu uliwonse, ndipo mankhwala omwe adapatsidwa asawasiye.