Madala a ku Highfield aukitsa Mitchell 300 ya malume anga

Ngati muli ndi reel (chipangizo chokulunga ulusi pa ndodo yowedzera nsomba) yakale yachitsulo imene inasiya kuyenda bwino, musafulumire kuitaya. Ku Highfield mumzinda wa Harare, chakufupi ndi masitolo a pa Machipisa, kuli madala ena amene amakonza zipangizo zowedzera nsomba pakhonde pa nyumba yawo, ndipo ntchito imene andigwirira pa Mitchell 300 yanga ndakhutira nayo. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndawalanda chifukwa chosasunga nthawi.

Reel imeneyi inali ya malemu malume anga, amene anachoka ku Nkhotakota kudzagwira ntchito kuno dziko lino lisanatchedwe Zimbabwe. Ndi yakuda, yolemera m'manja, ndipo mawu akuti Made in France akuwerengekabe. Zamtunduwu zinayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kampani ya Carpano & Pons m'tauni ya Cluses, ndipo zinafalikira dziko lonse lapansi. Lero dzinali lili m'manja mwa kampani ya ku America ya Pure Fishing, choncho zipangizo za yakaleyi simungangolowa m'sitolo mutauni n'kuzipeza.

Inali ndi matenda atatu. Chopukusira chinkalimba, makamaka m'mawa wa mu June kukazizira. Waya wopindika uja wogwira ulusi sunkabwerera wokha ukaponya, unkachita kuukankha ndi chala. Chachitatu, mkati munkamveka kukukuta.

Madalawa sanalole kuti ndingoisiya n'kumapita. "Khala apa mwana wanga, uone wekha, mawa usadzanene kuti ndakubera chitsulo," anatero. Anayala thaulo loyera patebulo, pambali n'kuika katoni ya mazira yopanda kanthu. Anadina kabatani ka kutsogolo, chokulungira ulusi n'kuchoka, kenaka anamasula masikuluwu atatu a chivundikiro cha m'mbali. Kachitsulo kalikonse kamene ankachotsa ankakaika m'dzenje lakelake la katoni ija motsatana, kuti pobwezera ayambire kumapeto. Zimene tinapeza mkatimo zinali zomvetsa chisoni. Girisi anali atauma ngati chiponde cha chaka chatha, atasakanikirana ndi mchenga, ndipo pamwamba pake wina anapakaponso girisi wa galimoto osachotsa wakaleyo. Madala anangopukusa mutu, anvekere, "Uyu anali makaniko wa mathirakitala."

Reel imeneyi ili ndi magiya asanu ndi atatu, ndipo ilibe beringi ya timipira ngakhale imodzi. Zitsulo zimangoyenda potsetsereka pa zinzake, n'chifukwa chake girisi akaipa zonse zimaima. Magiyawo anawaviika m'palafini, n'kumatsuka dzino limodzilimodzi ndi mswachi wakale, kenaka n'kuwayang'ana padzuwa ngati pali lobenthuka. Onse anali amoyo. Chokulungira ulusi sanachiviike, anangochipukuta ndi kansanza.

Pamene ndinadziwira kuti ndafika kwa mmisiri weniweni ndi pa timawasha. M'kati mwa Mitchell 300 muli timawasha topyapyala kwambiri, toti mukatiponya pansi simungatione. Ku fakitale ankatiika molingana ndi reel iliyonse, kuti magiya alumane bwino, osathinana komanso osagwedera. Madalawa amati ambiri akamasula reel yotere timawashati timamatirira ku girisi, iwo n'kutitaya pamodzi ndi litsiro, pobwezera n'kumadabwa kuti phokoso lachokera kuti. Mu yangayi kamodzi kanali katasowa kuseri kwa mutu wa reel, umene umazungulira pokulunga ulusi, ndipo kukukuta konse kuja kunkachokera pamenepo. Madala anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mitembo ya ma reel, n'kuyamba kuyesa. Aika kamodzi, amanga, apukusa atatsamiritsa khutu, amasulanso. Anabwereza mpaka phokoso linatheratu. Palibe chipangizo choyezera chimene anagwiritsa ntchito, khutu ndi zala basi. Girisi watsopano anapaka wochepa zedi, wofewa, ndi kadontho ka oilo pa chopukusira ndi m'mfundo za waya uja.

Vuto linabwera pa sipuling'i ya wayayo. Inali itathyoka, ndipo pa reel zamtunduwu kachitsulo kameneka ndiye kamakonda kufa. Imene anaipeza m'chitini chawo inali yotopa, moti anakana kundiikira. Anati ali ndi mnzawo amene ali nayo yabwino, ndibwerenso mawa. Mawa ameneyo anasanduka masabata. Foni sayankha, uthenga wa pa WhatsApp amawerenga koma zii. Ukapita wekha amakulandira ndi nsangala, kukupatsa mpando ndi tiyi, n'kukuuza kuti mnzawo uja wapita kumaliro. Sindikuwanena kuti ndi abodza, koma ngati mwakonza ulendo wa ku Kariba, pitani nayo reel yanu kudakali nthawi yambiri.

Itatha ndinakaiyesa ku damu la Darwendale. Ku nyanja ya Chivero, kumene malume ankakonda, mtima wanga sunandilole, chichitikireni zija za mu December 2024 pamene zipembere ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi oipa, a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, n'kuletsa usodzi panyanjapo. Nyongolotsi ndinagula kwa anyamata a mumsewu wa Bulawayo monga mwa nthawi zonse. Reel inkayenda mofewa, waya uja ukubwerera wokha ndi kaphokoso kakuthwa ndikangoyamba kupukusa. Mabream, nsomba za mtundu wa chambo, sanaivutitse konse. Amene anaiyesa zenizeni ndi mlamba wina wamkulu ndithu amene anathawira m'maudzu. Ulusi unkatuluka pang'onopang'ono mosadukiza, osati mwa njirinjiri ngati kale, pamene unkagwira kenaka n'kumasuka mwadzidzidzi mpaka kuduka.

Chimene ndinawakondera china n'chakuti sanandinamize kuti reel yasanduka yatsopano. Anandionetsa kachitsulo kamene ulusi umadutsapo. Pa zakalezi sikazungulira, ndipo kanga kadyeka kanjira kakang'ono. Anakasalaza, koma ananeneratu kuti tsiku lina kadzafunika kusintha, ndipo ndisaikemo ulusi woluka wamakonowu chifukwa udzakulitsa kanjirako. Wa nayiloni wamba ndiye woyenera. Anandichenjezanso kuti mutu wa reel imeneyi umazungulira mosemphana ndi zina zambiri, ndiye pokulunga ulusi watsopano ndizionetsetsa mbali imene ukuchokera, apo ayi udzapotana. Komanso ndi yochedwa. Chopukusira chikazungulira kamodzi, mutuwo sukwanitsa n'kanayi komwe, pamene zamakono zambiri zimapitirira kasanu. Kwa wowedza mabream ndi nyongolotsi zimenezi zilibe kanthu. Kwa amene amathamangitsa nyambo zachitsulo posaka nsomba ya tiger, mkono udzatopa.

Nditafunsa zoipentanso, popeza utoto unasupuka m'makona, anaseka. "Utoto sugwira nsomba, mwana wanga. Siya zipsera za amalume ako." Ena mwina sangakondwe ndi yankho lotere poti ndalama ndi zawo. Ine ndinaona kuti akunena zoona.

Ndinalipira madola 15 a ntchito ndi madola 5 a sipuling'i ndi kawasha kaja. Ndalama imeneyi mutauni mutha kugula nayo reel yatsopano yapulasitiki yowala bwino, ndipo ndaonapo anzanga akugula zoterozo. Zikathyoka mano palibe amene amazikonza, ngakhale madalawa amazikana. Amalandira ndalama pamanja kapena yotumiza pafoni pa EcoCash, koma chenji sakhala nayo, ndiye tengani yokwanira.

Pitani m'mawa, chifukwa amadalira kuwala kwa dzuwa ndipo chakumadzulo maso awo saona tizitsulo tating'ono. Lamulungu sagwira ntchito, amakhala ali ku tchalitchi. Ngati kunyumba kuli reel ina yakufa imene munaitaya mtima, itengeni, amailandira kuti azichotsamo zipangizo ndipo amakutsitsirani mtengo.