Manja awiri, matenda amodzi, mabilu osiyana: zomwe ndaona patatha miyezi 8

Papita miyezi 8 chichitireni opareshoni yachiwiri, ndiye tsopano ndikhoza kunena zomwe ndaona mosapupuluma.

Vuto langa linali chala chokakamira, matenda omwe madokotala amati trigger finger. Ndikadzuka m'mawa chala cha mphete chinkakhala chopindika, kuti chiwongoke mpaka ndichikoke ndi dzanja linalo. Mtsempha wokoka chala umadutsa m'kanjira kopanikiza m'chikhatho, ndiye ukatupa umakodwa. Jakisoni wa steroid anathandiza kwa miyezi ingapo, kenako vuto linabwerera, manja onse awiri.

Dzanja lamanja anandichita opareshoni ku fiyeta ya chipatala chachikulu. Anayamba andiyeza magazi, anandiletsa kudya kuyambira usiku, anandigoneka ndi mankhwala, ndipo mkazi wanga anapempha tchuthi kuntchito kuti adzanditenge. Bilu itabwera ndinaiwerenga mzere ndi mzere. Ndalama ya dokotala wong'amba inali kachigawo chabe. Zambiri zinapita ku chipinda cha fiyeta, dokotala wogonetsa, bedi lotsitsimukirapo ndi zoyezayeza.

Lamanzere dokotala wong'amba yemweyo anandichitira m'kachipinda ka kukiliniki, ndili maso. Anabaya lidocaine wosakaniza ndi adrenaline, wina wochititsa dzanzi, winayo wochepetsa kutuluka kwa magazi, moti lamba wothina woimitsa magazi sanamange pamkono. Njirayi amaitcha WALANT, ndipo anaitchukitsa ndi Dr Donald Lalonde wa ku Canada. Jakisoniyo amaluma, ndisaname, koma kwa kamphindi. Tinadikira pafupifupi theka la ola kuti mankhwala agwire, ndipo kung'ambako sikunakwane mphindi 15. Asanasoke anati, "Bambo, tafumbatani, tambasulaninso." Ndinadzionera ndekha chala chikuyenda osakodwa. Ndinalipira ndalama yosafika ndi theka lomwe la bilu yoyamba ija.

Ulusi anachotsa patatha masabata awiri mbali zonse. Zipsera zinkawawa ndikagwira chinthu cholimba, mpaka mwezi wachitatu. Lero ndi timizere tiwiri totuwa tobisala m'makwinya a chikhatho, ndipo nditakutambasulirani manja simungaloze lomwe linadya ndalama zambiri.

Fiyeta ili ndi ntchito yake, makamaka pa mafupa othyoka kwambiri kapena kwa munthu woopa kukhala maso akum'ng'amba. Chimene chimandiwawa n'chakuti ulendo woyamba palibe anandiuza kuti kachipinda kaja kaliko, nanenso sindinadziwe zofunsa.