Ndemanga ya buku la nthano zitatu za William Morris lomwe linafika nthano imodzi itadulidwa pakati

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri zimene ndachotsazo ndi mlandu wa wogulitsa ndi wosindikiza, William Morris alibemo chifukwa. Buku lake ndi lija lachikuto chobiriwira, chokhala ndi mbalame zikuba zipatso, lomwe amalitsatsa kuti muli nthano zitatu zathunthu: News from Nowhere, The Wood Beyond the World ndi The Well at the World's End. Ndinalipira mapaundi 24 aja, kuphatikizapo ndalama yotumizira, ndipo linafika pa tsiku lomwe analonjeza. Ndinaliitanitsa nditangobwera kuchokera ku William Morris Gallery, nyumba yoonetsera ntchito zake ku Walthamstow, dera la ku London lomwe Morris anabadwira m'chaka cha 1834, chifukwa nditaona kumeneko nsalu ndi masamba a mabuku amene iye anakonza, ndinalakalaka kudziwa zomwe munthu wa luso lotere ankalemba.

Ndinayamba ndi The Well at the World's End, nthano yaitali kuposa zinazo, imene inatuluka mu 1896, chaka chomwe Morris anamwalira. Ndi nkhani ya Ralph, mwana wotsiriza mwa ana anayi a mfumu ya kadziko kotchedwa Upmeads, amene athawa pakhomo atauzidwa kuti atsale ndi makolo pamene akulu ake atatu akupita kukaona dziko, kenaka amva mbiri ya chitsime chimene chili kumalekezero a dziko, chomwe madzi ake amapatsa womwa moyo wautali. Ndinawerenga madzulo aliwonse kwa milungu itatu ndikaweruka kuntchito, ndikulimbana ndi Chingerezi chachikale chimene Morris anachisankha dala, mpaka ndinachizolowera ndi kuyamba kuchikonda. Ndinamva chisoni mkazi amene Ralph anamukonda poyamba ataphedwa, ndipo mtima wanga wonse unali pa ulendo wake wopita kumapiri kukafunafuna Ursula, namwali amene anakumana naye kumayambiriro kwa nthanoyi. Tsono usiku wina nditatembenuza tsamba ndinapeza pepala loyera, ndipo kuseri kwake kunali chikuto. Nthano ya chitsime inatha Ralph asanachione n'komwe chitsimecho.

Nditafufuza ndinapeza kuti nthanoyi ili ndi magawo anayi, ndipo chifukwa cha kutalika kwake osindikiza ena akhala akuigawa m'mabuku awiri. Amene anakonza buku langali anatenga theka loyamba lokha, magawo awiri, n'kulimata kumapeto kwa nthano zinazo osaona kuti ulendo wa kuchitsime ndi wobwerera kwawo palibe. Kulakwitsa kumachitika, ndipo ndikanakhululuka, koma chimene chinandipsetsa mtima ndi yankho la wogulitsa. Nditalemba kalata yaulemu yofotokoza vutoli, anandiyankha patapita masiku asanu ndi anayi kuti bukulo ndi lathunthu, ndipo mwina sindinamvetse kalembedwe ka nthawi imeneyo. Ndinajambula tsamba lomaliza, ndinalemba mayina a magawo awiri osowawo, ndinatumizanso. Yankho lachiwiri linali lakuti masiku obwezera katundu apitirira, pamene ena mwa masikuwo anathera pa desiki pawo kalata yanga ikudikira. Munthu amene sanatsegule n'komwe buku lomwe akugulitsa anaona kuti n'kosavuta kunena kuti wowerenga ndiye mbuli kusiyana ndi kuyang'ana tsamba limodzi.

Zimandiwawa kwambiri chifukwa cha munthu amene dzina lake lili pachikutopo. Morris anayambitsa Kelmscott Press, kampani yake yosindikiza mabuku, mu 1891 atatopa ndi mabuku osindikizidwa mwachisawawa. Anajambula yekha zilembo zake, anasankha pepala lopangidwa ndi manja, anaganizira ngakhale kukula kwa mpata wotsala m'mphepete mwa tsamba, ndipo mu 1896 anatulutsa buku la ndakatulo za Chaucer lokhala ndi zithunzi 87 za mnzake Edward Burne-Jones. Buku lomwe ndalandirali lili ndi tizilembo tating'ono tothithikana, pepala lopyapyala moti mawu a kuseri amaonekera, ndiponso mawu ambiri olakwika amene akusonyeza kuti masamba akale anangojambulidwa ndi makina popanda munthu wowerenganso. Guluu wa kumsana anayamba kulekana mlungu wachiwiri.

Ndinaliika pa shelefu ndili wokwiya, ndipo ndikanalemba ndemangayi tsiku lomwelo ndikanapereka nyenyezi imodzi. Patapita mwezi ndinalitsegulanso kuti ndione ngati News from Nowhere nayo anaidula, ndipo ndinapeza mitu yonse 32 ilipo. Ndinayamba kuwerenga pongofuna kutsimikiza, koma ndinaimaliza m'masiku anayi. Morris anailemba mu 1890 m'nyuzipepala ya Commonweal, ya bungwe la Socialist League, poyankha Looking Backward ya Edward Bellamy, imene inaonetsa tsogolo lolamulidwa ndi boma ndi makina. Mu nthano ya Morris, William Guest agona ku Hammersmith, mu London, atabwera kumsonkhano wa ndale, nadzuka m'tsogolo mmene mtsinje wa Thames wayera mpaka anthu akutcheramo maukonde a nsomba. Atayendetsedwa pa bwato atulutsa ndalama kuti alipire, koma Dick wopalasa bwatoyo sakumvetsa chifukwa chomwe munthu angaperekere chitsulo kwa mnzake amene wamuthandiza. Nyumba ya Malamulo yasanduka mosungiramo manyowa. Anthu akugwira ntchito chifukwa ntchitoyo ikuwakomera, ndipo kukolola udzu wa ziweto ndi chikondwerero chimene amachiyembekezera chaka chonse.

Sindinavomereze zonse. Akazi a m'dziko limenelo ndi omasuka, komabe ndi iwo amene akuperekera chakudya patebulo, ndipo Morris akuwoneka wokhutira nazo. Mutu umene mkulu Hammond akufotokoza mmene kusintha kunabwerera unandichititsa kumulemekeza, chifukwa sakunamiza wowerenga kuti dziko labwinolo linabwera mwamtendere. Akunena za asilikali akuwombera khamu la anthu pa Trafalgar Square ndi za nkhondo yapachiweniweni, ndipo Morris iye mwini analipo pa 13 Novembala 1887 pamene apolisi anabalalitsa mwankhanza anthu amene ankaguba kupita pabwalo limenelo. Ulendo wa pa bwato wokwera mtsinje limodzi ndi Ellen, mtsikana wa m'dziko latsopanolo, mpaka ku nyumba yakale, imene ndi Kelmscott Manor komwe Morris ankakhala, ndinauwerenga pang'onopang'ono chifukwa sindinafune kuti uthe. Pamene Guest aima pakhomo la phwando, anzake n'kuleka kumuzindikira, misozi inalengeza m'maso mwanga.

The Wood Beyond the World, ya mu 1894, nayonso ndi yathunthu, ndi yaifupi, ndipo ndi poyambira pabwino kwa amene akufuna kuona kumene nthano za mayiko opeka zinachokera J. R. R. Tolkien ndi C. S. Lewis asanalembe zawo.

Magawo awiri osowawo ndinawawerenga pa foni kudzera pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale, kumene nthanoyi ikupezeka yonse kwaulere, ndipo ndi pa galasi la foni pamene ndinaona Ralph ndi Ursula akudutsa chipululu, akupyola mtengo wouma, mpaka kumwa madzi a chitsimecho m'mphepete mwa nyanja. Amene akufuna bukuli ayambe wafunsa wogulitsa ngati gawo lachinayi, la ulendo wobwerera ku Upmeads, lilimo, ndipo apemphe chithunzi cha tsamba lomaliza asanalipire. Ine kalata yanga yachitatu sinayankhidwe mpaka lero, ndipo malonda a bukuli akunenabe kuti nthano zonse zitatu ndi zathunthu.