Miyezi 19 ku Melton Mowbray: dera ndalikonda, khoma landidyera ndalama

Sabata yatha mmisiri anandisiyira bilu ya mapaundi 2,350 yokonzera khoma la nyumba yathu patebulo. Madzulo a tsiku lomwelo mlamu wanga wa ku Leicester anaimba foni n'kufunsa kuti, "Alamu, kwanuko kuli bwanji? Ifenso mzinda uno watikwana, tikuganiza zosamukira kumeneko." Ndinawauza kuti ndidzawayankha tsiku lina, chifukwa ndikanayankha pomwepo, pepala lija lili m'manja, ndikanangoti musayerekeze. Tsopano mtima watsikako, ndiye ndilembe zonse bwinobwino, kuti alamu ndi ena amene akuganiza zogula nyumba m'matauni aang'ono a msika kuno ku England aone okha.

Tinagula nyumbayi mu Julayi, miyezi 19 yapitayo. Ndi imodzi mwa nyumba zakale zija zogundizana, za njerwa zofiira, zipinda ziwiri zogona m'mwamba, kabwalo kakang'ono kuseri. Tinasankha Melton Mowbray chifukwa ndalama zimene zikanatigulira kanyumba kopanikiza mumzinda, kuno zinatipatsa nyumba yokhala ndi bwalo, komanso Leicester, kumene ine ndi mkazi wanga timagwira ntchito, ili pa mtunda wa mamailosi 15 okha.

Zabwino ndizitchule msanga, poti sizivuta kufotokoza. Usiku kumakhala zii, munthu umagona tulo tenitenti. Ana amapita kusukulu wapansi. Sitima yopita ku Leicester sitenga ngakhale mphindi 20, ndipo njanji yake ndi yomwe imachokera ku Birmingham kupita ku Peterborough. Mabini amatengedwa pa tsiku lake. Msonkho wa khonsolo ndi wopiririka, chifukwa kuno nyumba amaziika m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo umene zinali nawo mu 1991, ndipo nyumba ngati yathu zimagwera m'magulu a m'munsi.

Msika ndiwo mtima wa tauniyi. Unalembedwa kale mu Domesday Book, buku lakale la kalembera wa malo a ku England, mu 1086, ndipo mpaka lero Lachiwiri ndi Loweruka misewu ya pakati imadzaza ndi matebulo a ogulitsa. Lachiwiri kumakhalanso msika wa ziweto, alimi amabwera ndi nkhosa ndi ng'ombe m'makalavani. Miyezi yoyamba ndinkasangalala nazo kwambiri, ndipo mpaka pano ndimakonda kuona tauni ili piringupiringu. Koma nyumba zogundizana zilibe malo oimika galimoto pakhomo, aliyense amaimika mumsewu. Lachiwiri obwera kumsika amene safuna kulipira malo oimikapo amadzaza msewu wathu, moti mkazi wanga akaweruka ntchito ya usiku amazungulira kawiri katatu n'kukaisiya misewu iwiri kutali, iye ali wotopa. Galimotoyo kuno siungaisiye. Sitima imabwera mwa apo ndi apo, madzulo mabasi amachepa, ndipo vuto lalikulu la mwadzidzidzi likagwa, chipatala chachikulu chili ku Leicester kapena ku Nottingham. Tinabwera ndi galimoto imodzi, pano tili ndi ziwiri. Alamu, zimenezi muziwerengere pa mtengo wa nyumba.

Koma nkhani yeniyeni ndi khoma.

Tikudzaona nyumbayi kunali kotentha, mawindo ali otsegula, chipinda chodyera chakuseri chikuwala ndi penti yoyera yatsopano. Ndinaganiza kuti mwini wake ndi munthu wosamala. Mu Novembala, mvula itakhazikika, tinayamba kumva kafungo ka chinyontho tikamalowa m'chipindamo m'mawa. Kenako penti inayamba kutukumuka m'munsi mwa khoma, kufika cha m'mawondo. Titasuntha kabati tinapeza kuseri kwake kuli bii ndi nkhungu, nsapato za ana zimene zinali m'munsi zitachita chuku. Ndinapukuta ndi mankhwala, patatha masabata awiri yabwereranso. Ndinagula makina okoka chinyezi, ankadzaza thanki yake tsiku lililonse, koma khoma osauma. Tinkayatsa zotenthetsera nyumba nthawi yaitali poganiza kuti kutentha kuumitsa, ndipo bilu ya gasi ya Januwale inandikhalitsa pansi. Mwana wathu wamng'ono anayamba kukhosomola usiku. Sindinganene motsimikiza kuti chinali chinyezicho, koma kuyambira pamenepo chipinda chimenecho tinachitseka, tinkadyera pabalaza. Tangoganizani kulipira ngongole ya nyumba yonse mwezi ndi mwezi, chipinda chimodzi chili chokhoma.

Munthu woyamba amene ndinamuitana anangoloza kachida kake pakhoma mphindi zochepa, n'kunena kuti madzi akukwera kuchokera pansi, tibowole khoma lonse tithiremo mankhwala. Mtengo umene anatchula unandichititsa kuti ndiyambe ndadikira. Nyengo yotentha itabwera khoma linaoneka ngati lauma, ine n'kudzinamiza kuti mwina zatha. Novembala wachiwiri zinabwerera, zoposa poyamba.

Amene anatitsegula maso ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe, mayi wamasiye amene wakhala mumsewu uno zaka zambirimbiri. Za iwowa ndiyenera kunenapo, chifukwa ndiwo chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Ndinabwera kuno ndikuopa kuti m'tauni yaing'ono ngati ino, mmene anthu akuda tili owerengeka, tizingoyang'anidwa patali. Kuyang'anidwa kulipo ndithu, sindibisa, makamaka masiku oyamba. Koma agogowa sabata yoyamba yomwe anagogoda n'kutiuza tsiku la bini iliyonse. Tikakhala kuntchito amatilandirira katundu, ndipo tsiku lina chipale chitaundana mumsewu anatumiza mdzukulu wawo kudzathira mchere pakhomo pathu tisanadzuke. Ana anga amawatchula kuti agogo, iwo anafunsa tanthauzo lake, atamva anasangalala kwambiri.

Tsiku lina ndikuwathandiza kunyamula thumba la dothi la maluwa, ndinawadandaulira za khomalo. Anasuzumira pampanda n'kuloza pansi pa bwalo lathu. Anati masilabu amenewo anayala yekha mwini nyumba wakale, pamwamba pa simenti yakale osaikumba, ndipo kuyambira pamenepo ankangopenta chipinda chakuseri chaka ndi chaka. Ulendo womaliza anapenta kutangotsala masiku ochepa kuti ojambula zithunzi za malonda abwere.

Ndinaitana mmisiri wina, wodziwa nyumba zakale, ndipo anandifotokozera zinthu zimene ndikanakonda kuzidziwa ndisanasaine. Nyumba zakale ngati yathuyi makoma ake ndi njerwa zokhazokha, alibe mpata pakati ngati nyumba zamakono. Chimene chimaletsa madzi kukwera ndi mzere wopyapyala umene anauika pakati pa njerwa cha m'munsi, ndipo nthaka ya panja iyenera kukhala pansi pa mzerewo ndi mamilimita 150, kutanthauza njerwa ziwiri. Kwathu masilabu anakwera mpaka kuukwirira. Anatsekanso njerwa zamabowo zimene zimalowetsa mpweya kunsi kwa matabwa a pansi, ndipo bwalo lonse linapendekera kunyumba m'malo mopendekera kumunda. Mvula iliyonse inkathamangira kukhoma. Pamwamba pa izo ngalande ya madzi a padenga inali yong'ambika pakona pomwepo. Mankhwala aja akanangotidyera ndalama, madzi akanapitiriza kulowa. Bilu ija ndi ya kuchotsa masilabu a m'mbali mwa khoma, kukumba, kuthira miyala, kukonza ngalande, kusintha matabwa awiri owola ndi kugumula pulasitala. Kupaka pulasitala yatsopano sikunachitike, akuti khoma liyambe lauma, ndipo zimenezo zitenga miyezi.

Apa ndi pamene mtima wanga umasinthasintha. Loweruka m'mawa ndikamayenda ndi ana kupita kumsika, mabelu a tchalitchi cha St Mary akulira, anthu akupatsana moni, ndimati tinachita bwino kubwera. Ndikabwerera n'kuona njerwa zili poyera m'chipinda chodyera, ndimapsa mtima kuyambiranso.

Ndinapita kwa loya amene anatithandiza pogula. Anandiuza mosabisa kuti ku England wogula ndiye ayenera kufufuza yekha za thanzi la nyumba. Wogulitsa amadzaza fomu yotchedwa TA6, ndipo akanama poyankha funso la mmenemo ukhoza kumusumira, koma sakakamizidwa kukuuza yekha vuto lililonse la khoma. Pa funso lokhudza zikalata za chitsimikizo cha ntchito yoletsa chinyezi iye anayankha kuti palibe, ndipo zinali zoona, poti sanaitanepo mmisiri, ankangopenta. Loya anati kubisa vuto mwadala ndi nkhani imene khoti likhoza kuimva, ndipo milandu yosapitirira mapaundi 10,000 imapita kukhoti la madandaulo ang'onoang'ono, koma umboni wathu waukulu ndi mawu a agogo aja. Ine sindikufuna kukokera mayi wokalamba kukhoti pa nkhani ya khoma langa.

Mbali yanga ndikuivomera. Pofuna kupulumutsa ndalama tinadalira kuyendera kumene banki inachita, osadziwa kuti iwo amangofuna kutsimikiza kuti nyumba ikufanana ndi ngongole yawo. Pa nyumba ya zaka zoposa 100 tinayenera kulipira saveya wathuwathu, katswiri woyendera nyumba, wa mlingo umene amautcha Level 3, amene amayang'ana zinthu ngati zimenezi. Mtengo wake sukanafika ngakhale theka la zomwe ndalipira.

Komabe ndinamulembera kalata wogulitsa uja, kudzera kwa ejenti amene ankatsatsa nyumbayo, ndi zithunzi komanso lipoti la mmisiri. Ejenti anatenga masabata atatu kuti ayankhe, ndipo yankho linali loti ntchito yawo inatha tsiku lomwe tinalandira makiyi. Ndinalembanso kudzera kwa loya. Apo mpamene mwini wake anayankha, kuti iye sankadziwa za vuto lililonse, kuti kupenta nyumba usanaigulitse aliyense amachita, koma pofuna kuti nkhani ithe akhoza kupereka mapaundi 500 ngati ndisaina kuti sindidzamuvutitsanso. Chimene chinandiwawa si kuchepa kwa ndalamazo. Ndi chakuti munthu ameneyu anatiyendetsa yekha m'nyumba muno, anaona ana anga, anaima nafe m'chipinda chomwecho n'kunena kuti ndimo mmene banja lake linkakonda kukhala.

Alamu ndawauza kuti abwere, koma adzaone nyumba tsiku la mvula, asuzumire kuseri kwa makabati, awerenge njerwa kuchokera pansi, ndipo agogode kwa oyandikana nawo asanagogode kwa ejenti. Kalata ya mapaundi 500 ija ikadali m'dilowa, sindinasaine. Loya wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndimuuze maganizo anga, ndipo wopaka pulasitala sananditumizirebe mtengo wake.